MBIRI YA MBUSA DONALD FRASER, WOPHUNZIRA AMENE ANADZUTSA ANZAKE

Pa nyengo ino ya Jubili, pamene tikumbukira iwo amene anatilambulira njira m'dziko lino la Kasungu, kuyenera kuti tisimbeko mbiri ya munthu mmodzi amene sanamange nyumba yake pakati pathu, koma dzanja lake linatifika ndithu. Mishoni ya kuno ku Chilanga ili ndi amai awiri. Woyamba ndiye Mishoni ya Livingstonia, imene inatuma Dotolo George Prentice kudzakhala pafupi ndi phiri la Kasungu m'chaka cha 1900, patangopita zaka zisanu chigonjetsere Angerezi mfumu Mwase Kasungu. Wachiwiri ndiye Mishoni ya Nkhoma, imene inalandira malo ano m'manja mwa a Livingstonia patapita zaka makumi awiri ndi mphambu zake. Tikalondola mapazi a amai awiriwa kubwerera m'mbuyo, tipeza kuti pa chiyambi pao panali anyamata ndi asungwana a sukulu, anthu opanda minda, opanda ng'ombe, amene anapereka tindalama tao tochepa pamodzi ndi moyo wao. Mtsogoleri mmodzi wa ophunzira amenewo ndiye Donald Fraser.

UBWANA WAKE

Donald Fraser anabadwa pa 1 June 1870 m'mudzi wa Lochgilphead, m'mbali mwa nyanja ya mchere, chakumadzulo kwa dziko la Scotland. Atate wake anali mbusa wa Eklesia wotchedwa Free Church. Eklesia ameneyu anali ndi mbiri yake yoyenera kuidziwa, pakuti m'chaka cha 1843 abusa mazana anai ndi mphambu anatuluka mu Eklesia wa Boma, nasiya nyumba zao ndi malipiro ao, chifukwa sanafune kuti eni malo olemera azisankhira mipingo abusa. Pokhala opanda chuma cha Boma, anakonza thumba limodzi la onse, nawerenga kuti Mkristu ali yense akaponyamo kobiri limodzi pa sabata, abusa onse adzadya. Ndipo kunatero, ndi makobiri otere anamanga machalichi, masukulu ndi nyumba za abusa. Tsono mwana Donald anakulira m'nyumba imene chakudya chake chinachokera ku zopereka za asodzi ndi alimi, ndipo anadziwa ali wamng'ono kuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Atasinkhuka ananka ku mzinda wa Glasgow kukaphunzira pa Univesite, napitirira ku sukulu ya ubusa ya Eklesia wa atate wake. Masiku amenewo mtima wake sunali pa mtendere ai. Maphunziro anamdzutsira mafunso ambiri, ndipo chikhulupiriro chimene anachoka nacho kwao chinagwedezeka kolimba. Koma m'chaka cha 1891 ananka ku msonkhano wa Akristu umene unali kuchitika chaka ndi chaka ku Keswick, m'dziko la England, ndipo kumeneko mtima wake unakhazikika, nadzipereka kwa Mulungu kuti amtume kumene afuna.

PAKATI PA OPHUNZIRA

M'chaka cha 1892 ophunzira a m'masukulu akulu a ku Britain anapanga chigwirizano chotchedwa Student Volunteer Missionary Union. Wolowa m'menemo anali kulemba dzina lake pansi pa lonjezo lakuti, Mulungu akalola, adzanka kukatumikira ku maiko akutali atatha maphunziro ake. Fraser anali mmodzi wa oyamba, ndipo posachedwa anzake anamsankha kuti aziyendera masukulu ndi kuitana ena. Anasiya mabuku ake kanthawi, nayenda mzinda ndi mzinda, nalankhula ndi ophunzira za ubusa, za uphunzitsi ndi za udotolo. M'chaka cha 1894 anaoloka nyanja kunka ku msonkhano wa ophunzira a ku America mu mzinda wa Detroit, kukaona m'mene anzao a kumeneko anali kuyendetsera nchito yomweyi.

Chigwirizano chimenechi chinalibe mfumu yochipatsa chuma. Chinayenda ndi zopereka za ophunzira eni ake ndi za abwenzi ao, ndipo munthu aliyense wodziwa thumba la mwana wa sukulu adzazindikira kuti ndalama zimenezo zinali zodzimana. Komatu nchito inakula. Pa chiyambi cha chaka cha 1896 anachita msonkhano waukulu mu mzinda wa Liverpool, kumene kunasonkhana ophunzira oposa 700 ochokera m'maiko oposa 20, ndipo wokhala pa mpando anali Fraser, mnyamata wa zaka 25 zokha. Ambiri anayesa kuti munthu wa mphatso yotere adzakhala konko kwao, nadzakhala mtsogoleri womveka. Koma iye anaona kuti sikuyenera kutuma anzake ku njira imene mwini wake aiopa, ndipo chaka chomwecho anatsazika, nanyamuka ulendo wa ku nyanja ya Nyasa.

Panjira anaima ku South Africa miyezi ingapo, nayendera masukulu a kumeneko. Anali nawo pa msonkhano wa ku Stellenbosch m'chaka chomwecho cha 1896, pamene panabadwa chigwirizano cha ophunzira Achikristu a dziko limenelo. Apa ndi pamene mbiri yake ikomana ndi mai wathu wachiwiri. Ku Stellenbosch komweko ophunzira za ubusa anali ndi kagulu kao ka mishoni kale, ndipo m'kagulu kameneko munatuluka Andrew Charles Murray, amene abusa a Eklesia wa Dutch Reformed anamtuma ndi ndalama zochotsa pa malipiro ao, nakamanga msasa pa Mvera pamodzi ndi T. C. B. Vlok pa 28 November 1889. Fraser anasonkhezera moto umene unali utayaka kale, ndipo m'masukulu a Stellenbosch ndi Wellington munapitirira kutuluka anyamata ndi asungwana odzatumikira ku Mvera, ku Kongwe, ku Nkhoma, ndi pambuyo pake kuno ku Kasungu.

KWA ANGONI A KUMPOTO

Fraser anafika ku Livingstonia chakumapeto kwa 1896, ndipo Dotolo Robert Laws ndi anzake anamuika ku Ekwendeni, pakati pa Angoni a M'mbelwa ndi Atumbuka. Sanayambe pa tsala ai, pakuti ena anali atagwetsa kale mitengo. Woyamba wa iwo anali William Koyi, Mxhosa, amenenso anali mwana wa sukulu pamene anadzipereka. Iye ndi anzake atatu anachoka pa sukulu ya Lovedale m'chaka cha 1876 kudzathandiza mishoni ya kunyanja, ndipo Koyi anamwalira kwa Angoni m'chaka cha 1886. Tisaiwale ichi, abale, kuti wophunzira wakuda anayamba kudzipereka zaka makumi awiri Fraser asanaponde dziko lino.

Anthu sanachedwe kumkonda mzungu watsopanoyo, namutcha dzina lakuti Chisekeseke, chifukwa nkhope yake inali ya chimwemwe masiku onse. Anali woyenda kwambiri, wogona m'midzi, wokhala pa bwalo ndi akulu kumva milandu yao. Anakumbukira misonkhano yaikulu ya Mgonero imene anaiona kwao ali mwana, pamene anthu anali kuchokera kutali ndi kukhala masiku angapo, ndipo m'chaka cha 1898 anaitanitsa msonkhano wotere pa Ekwendeni, nafikapo anthu zikwizikwi. Analimbikitsa Akristu kupeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe a makolo ao, ndipo amuna onga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anapeka nyimbo zimene ziimbidwa kufikira lero. Anaikanso amai okhwima m'chikhulupiriro kuti aziyang'anira akazi ndi asungwana a mumpingo, pa nyengo imene Eklesia anali asanalole akazi kukhala akulu a mpingo.

Sitinganene kuti onse anavomerezana naye. Amishoni anzake ena, makamaka Dotolo Walter Elmslie amene anamtsogolera kwa Angoni, anaopa kuti misonkhano yaikuluyo idzangotenthetsa mitima kanthawi, ndi kuti Fraser anali kufulumira kubatiza anthu asanaphunzire mokwanira. Anatsutsana pa zimenezi zaka zambiri. Koma ngakhale otsutsana naye sanakane kuti anali munthu wokhulupirira anthu akuda, wofuna kuti nchito ikhale yao, yoyenda ndi manja ao ndi chuma chao.

CHIPATALA CHA KU LOUDON

M'chaka cha 1901 Fraser anakwatira Agnes Robson, mwana wa mbusa, amene anaphunzira udotolo ku Glasgow pa nyengo imene akazi odziwa nchito imeneyi anali owerengeka. Anayamba kukhala pa Hora, ndipo m'chaka cha 1902 anasamukira ku Embangweni, kwa mfumu Mzukuzuku. Malo atsopanowo anatchedwa Loudon, kukumbukira Dotolo Loudon wa ku Hamilton, bwenzi la David Livingstone, amene mkazi wake wamasiye anapereka ndalama zomangira chipatala pamenepo. Kuchokera kuno ku Kasungu, munthu akaoloka Dwangwa nalunjika kumpoto, anali kufika ku Loudon atagona panjira masiku owerengeka. Tsono mishoni ziwirizi zinali zoyandikana, ana a nyumba imodzi.

Ndalama za mai wamasiye uja sizikadatha kumanga zonse. Anthu a m'midzi anaumba njerwa, nasenza mitengo, namweta udzu, ndipo ndi thukuta lao kunaima chalichi chachikulu cha njerwa chimene chilipo kufikira lero. M'midzi anthu anamanga okha nyumba za sukulu, ndi ana anapereka kanthu kakang'ono ka sukulu monga anakhoza. Kuchokera ku Loudon aphunzitsi Achingoni ndi Achitumbuka anali kutsikira ku Marambo, ku chigwa cha Luangwa, kukatsegula masukulu pakati pa Asenga. Mmodzi wa iwo anali Daniel Mtusu Nhlane, amene poyamba anali wankhondo, ndipo Fraser anasindikiza mbiri yake m'buku m'chaka cha 1925.

Tsono tiyeni tilowe m'chipatala, pakuti m'menemo ndimo munali nkhondo yaikulu. Masiku amenewo imfa ya ana inali ngati mlendo wa m'nyumba zonse, ndipo mai wobala ana asanu ndi atatu sanayembekeze kuti adzawalera onse. Malungo anali kutenga makanda, nthomba ndi chikuku zinali kusesa midzi, matekenya amene anafika m'dziko muno m'zaka za m'ma 1890 anali kudya zala za ana, ndi ena anali kugwera pa moto usiku napsa koopsa. Chaka cha 1897, chimene Fraser anayamba nchito yake kwa Angoni, ndicho chaka chimene Dotolo Ronald Ross anapeza ku India kuti tizilombo ta malungo tikhala m'thupi la udzudzu. Tsono nzeru imene mwana wa Standade 3 aidziwa lero inali yatsopano ngakhale kwa madotolo. Mankhwala a malungo anali kwinini yekha, ndipo jekeseni wa penisilini kunalibe.

Dona Fraser anatsuka zilonda, anachiza maso, anathandiza amai pa uchembere wobvuta, nalera ana ake omwe pakati pa nchito yonseyi. Koma anaona kuti dotolo mmodzi sangathe kutunga nyanja ndi chikho, pakuti mwana wochira lero anali kubwerera ku madzi omwewo ndi ku utsi womwewo. Chifukwa chake anaika mtima pa kuphunzitsa amai za madzi akumwa, za chakudya cha mwana woleka kuyamwa, ndi za kusamala m'nyumba. Ndipo pambuyo pake analemba buku la kaphunzitsidwe ka zimenezi, limene linatuluka m'chaka cha 1932. Mliri wa chimfine wa 1918 unapha anthu ambiri m'Nyasaland monse. Chipatala chimene iwo anayamba ndicho Chipatala cha Embangweni cha Sinodi ya Livingstonia, kumene ana alandira chithandizo kufikira lero.

KUBWERERA KWAO NDI IMFA YAKE

Ngakhale anali kutali, Fraser sanaleke kulankhula ndi achinyamata a kwao. Pobwerera ku Scotland kukapuma, anayambitsa timagulu ta anyamata ndi asungwana towerenga pamodzi za maiko a mishoni, pakuti anadziwa kuti munthu sapereka ku chinthu chimene sachidziwa. Analemba mabuku a nchito imeneyi, monga The Future of Africa la 1911 ndi Winning a Primitive People la 1914. Dzina la buku lachiwirili litikumbutsa kuti iyenso anali mwana wa nyengo yake, wolankhula za ife ndi mau amene lero sitiwalandira. Koma m'kati mwake muli ulemu waukulu pa nzeru ndi makhalidwe a Angoni ndi Atumbuka.

M'chaka cha 1922 Eklesia wa United Free Church anamsankha kukhala Mtsogoleri wa Msonkhano Waukulu, ulemu woposa wonse umene Eklesia ameneyo akadapatsa mbusa. Atatha chaka chake anabwerera ku Loudon, koma m'chaka cha 1925 anamuitananso kwao kuti akhale mlembi wa nchito za mishoni, ndiko kuti wofuna antchito ndi ndalama za masukulu ndi zipatala. Inali nyengo yomweyo imene Eklesia wa kuno anali kulumikizana, pakuti Livingstonia ndi Blantyre anapanga C.C.A.P. m'chaka cha 1924, ndi Nkhoma analowamo m'chaka cha 1926; motero amai athu awiri aja anakhala m'nyumba imodzi. M'chaka cha 1926 chomwecho Fraser anakhala pa mpando wa msonkhano waukulu wa za mishoni za mu Afrika ku Le Zoute, m'dziko la Belgium.

Anamwalira pa 20 August 1933, ali ndi zaka 63. Mtembo wake unatenthedwa monga achitira ena kwao, ndipo m'chaka cha 1935 mkazi wake anatenga phulusa lake, nabwera nalo ku Loudon, kumene anthu ake analiika m'manda pakati pa abale amene anagwira nao nchito. Dona Fraser analembanso mbiri ya mwamuna wake m'buku limene linatuluka m'chaka cha 1934.

KUNO KWATHU

Mwina wina adzayesa kuti zimenezi ndi nthano za makedzana, ndi kuti ophunzira otere anatha. Iai, sanathe. Kum'mawa kwa boma la Kasungu, pa mseu wa ku Nkhotakota, pali Mtunthama, kumene Kamuzu Banda anayamba sukulu asanadze kuno ku Chilanga. Kumeneko abale athu a Eklesia wa Anglican anatsegula chipatala cha St Andrew's m'chaka cha 2001, mothandizidwa ndi chigwirizano cha ku England chotchedwa Medic Malawi. Chipatalacho chisanakhazikike n'komwe, inagwa njala yoopsa ya 2002, imene ife a ku Kasungu sitidzaiiwala, pamene anthu anadya gaga ndi mizu ya nthochi, ndi ana otupa miyendo anadzaza makhonde a zipatala. Pa kukula kwa nchito ya ku Mtunthama, ya odwala ndi ya ana amasiye, ana a masukulu a ku England, onga Wrekin College ndi Shrewsbury School, anasonkha ndalama kwao, ndi ena a iwo anadza okha kudzaona malo ndi kugwirako nchito. Sanali a Eklesia wa Fraser, ndipo kapena dzina lake sanalimve. Koma njira imene anayendamo ndi yomweyo.

Tiwathokoza alendo amenewa ndi mtima wonse. Komatu mbiri ya Fraser ikadatiphunzitsa kungotambasula manja kuyang'ana kutsidya kwa nyanja, tikadaiwerenga chabe. Akulu a kuno, amene adziwa fodya koposa anthu onse, anatiuza kuti fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Thandizo la kutali lidza chaka china, chaka china lileka, koma malungo saphonya dzinja. Ndipo dzinja ndiyo nyengo imene m'nyumba za kuno mulibe ndalama, pakuti fodya ali m'munda ndi m'zigafa, misika isanatseguke, ndi chimanga cha m'nkhokwe chitatha. Pa nyengo imeneyo mai wa pa esiteti, amene kwao ndi kutali, afika ku chipatala ndi mwana kumbuyo, wopanda ufa, wopanda sopo, wopanda wom'phikira.

Ine ndaphunzitsa ana m'midzi zaka zambiri, ndipo ndikawauza za kupereka, ayankha kuti iwo ndi ana, alibe kanthu. Ndiwayankha ndi mbiri iyi. Koyi analibe kanthu pamene anachoka ku Lovedale. Ophunzira a ku Liverpool analibe malipiro. Anthu a Mzukuzuku analibe ndalama, koma anali ndi dothi, madzi ndi manja, ndipo njerwa zao ziimabe patapita zaka zoposa zana limodzi. Mwana wa sukulu wa kuno akhoza kubwera ndi chitini cha mtedza pa masika, kapena dzira limodzi, kapena mtolo wa nkhuni wa amai odikira odwala. Ndipo sukulu ya ana mazana asanu ikatero, phala la ana ogona m'chipatala lidzakhala ndi nsinjiro mwezi wathunthu. Kalasi likhoza kulima kamunda kake ka soya, monga makolo athu analimira munda wa sukulu. Pafupi pomwe pano pali sukulu ya ana osaona, imene Mishoni ya Nkhoma inatsegula m'zaka za m'ma 1950, ndipo wofuna kuthandiza mwana mnzake sasowa kolowera.

Chinthu chimodzi chifunika, ndicho mwana mmodzi woyamba kuimirira ndi kuitana anzake, monga anachitira mnyamata wa ku Lochgilphead. Aphunzitsi ndi akulu a mpingo amthandize kulemba zonse zolandiridwa m'buku ndi kuziwerenga poyera pamaso pa ana, kuti pasakhale kunong'ona, pakuti chopereka cha mwana chikasowa m'manja mwa wamkulu, mwanayo sadzaperekanso moyo wake wonse. Tikatero, iwo amene adzalemba kabuku ka Jubili ikudzayo adzapeza maina a ana a kuno oti awasimbe pamodzi ndi Koyi, Murray, Prentice ndi Fraser. Mulungu amene anadzutsa iwo adzutsenso ana athu.